Ola Lopanda Bilu

Mayi Risiti anayala mapepala awiri pa desiki. Kumanzere kunali ndandanda ya ogwira ntchito, kumanja mabilu opita ku inshuwalansi. Lamulo linali losavuta: ola lililonse limene mlangizi wakhala ndi wodwala liyenera kukhala ndi bilu yake. Pachipatala cha matenda a maganizo, mankhwala aakulu ndi nthawi, ndipo nthawiyo imagulitsidwa pa ola.

Dzina loti Risiti anamupatsa ndi manesi, chifukwa panalibe wodwala amene dzina lake silinkadutsa pa desiki yake. Iye ankanyadira zimenezi. Ankadziwa amene mowa wamugonjetsa, amene sagona, amene anayesapo kudzipha. Kuntchito pakamwa pake panali potseka ndithu. Kunyumba kokha ndi kumene ankakhuthula zonse pa chakudya chamadzulo, mayina ndi matenda omwe, poti mwamuna wako si mlendo.

Chala chake chinaima pa mzere umodzi. Lachinayi, 3 koloko masana, chipinda chakumapeto. Ndandanda inkati mlangizi wina, a Chete, ali ndi wodwala, koma bilu panalibe. Anabwerera m'mbuyo. Masabata khumi ndi anayi, chimodzimodzi. Fayilo palibe, dzina palibe, ngakhale khobidi.

Bwana watsopano anali atalankhula kale pamsonkhano wa Lolemba. Alangizi analipo asanu, koma ndalama zinkakwanira anayi. Amene maola ake sakugwirizana ndi mabilu ndiye azipita, ndipo lipoti la Mayi Risiti ankalifuna Lachinayi m'mawa.

A Chete anali mlangizi wakalekale, munthu woti ukhoza kukhala naye tsiku lonse osamva mawu khumi. Anali atagwira ntchito pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Koma chipinda chakumapetocho chinali pafupi ndi khomo lakuseri, ndipo mayi wokolopa anati Lachinayi lililonse a Chete amatsegula okha khomolo. Chinanso, mwezi watha anabwera atavala nsapato zatsopano. Mayi Risiti sanafunike woombeza. Mbuzi imadya pamene aimangirira.

Lachitatu anawapeza akutsuka kapu yawo ya tiyi.

"Bambo, ola lanu la Lachinayi lilibe bilu."

"Ndikudziwa, mayi."

"Ndipatseni dzina nditsegule fayilo. Tikonza lero lomwe, bwana asanaone."

"Munthuyo anandipempha kuti dzina lake lisalembedwe paliponse muno."

"Nanga amalipira kwa ndani?"

"Salipira."

Mayi Risiti anawayang'ana kumapazi, kenako anachoka. Masiku ano ndani angagwire ntchito yaulere masabata khumi ndi anayi?

Komabe mtima sunamukhale pansi. Ankadziwa chimene ulova umachita kwa mwamuna wachikulire. Bambo a kunyumba kwake atawachotsa ntchito ku fakitale, anakhala chaka chathunthu pampando umodzi, osameta, osaseka, chakudya akungochitosa. Iye ankaopa kuwasiya okha m'nyumba. Miyezi itatu yapitayi ndi pamene anayamba kutsitsimuka, ndipo iye ankati ndi mapemphero ake. Tsopano ankameta, ankatuluka kukafunafuna ntchito. M'mawa wa Lachinayi, tsiku la lipoti lija, anawasokerera batani la jekete ndi ulusi wofiira, poti wakuda unali utatha, ndipo iwo anaseka n'kunena kuti mabwana akawalemba ntchito chifukwa cha chisoni.

Ndiye lero iye akagwetse mwamuna wa mayi wina pampando womwewo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma akabisa, bwana adzazipeza yekha, ndipo wopita adzakhala iye, pamene pakhomo pake malipiro anali amodzi okhawo. Anafufuta mzere wa a Chete, anaulembanso, anaufufutanso. Nthawi itakwana 9 koloko anaulemba komaliza n'kutumiza.

Itakwana 2 koloko a Chete anaitanidwa ku ofesi. Sanakhalitseko. Anatuluka ndi envulopu m'manja, mlonda akuwatsata pambuyo atanyamula katoni ya mabuku awo, kapu ya tiyi ili pamwamba. Manesi anaweramira mafayilo awo. Atafika pa desiki ya mabilu, a Chete anaima.

"Mayi, ikamakwana 3 koloko m'chipinda muja mukhala munthu. Khomo ndinatsegula kale. Tumani nesi akamuuze mwaulemu, ndipo amupezere mlangizi wina lero lomwe. Asabwerere yekha."

"Chabwino."

"Koma musapite inu."

Mawu omalizawo anachotsa chisoni chonse chimene chinatsala mwa Mayi Risiti. Munthu wagwidwa kale, koma akubisabe kasitomala wake. Anatenga fayilo yatsopano, analemba bilu ya maola khumi ndi anayi, n'kusiya malo a dzina opanda kanthu. Dzinalo akalitenga yekha.

Anadikira mpaka nthawi itapitirira pang'ono, kenako anayenda mukhonde lonse mpaka kumapeto. Sanagogode. Munthuyo anali ataima pawindo, atafulatira chitseko, jekete atalikoleka pampando. Atamva chitseko sanatembenuke.

"Mwachedwa lero, alangizi," anatero. "Ndili ndi nkhani yabwino. Sabata yonseyi sindinaganizeko za chingwe chija ngakhale kamodzi."

Mayi Risiti anawadziwa mawuwo asanamalize. Maso ake anatsikira pa jekete lija, pa batani losokedwa ndi ulusi wofiira.