Malungo Ochokera ku Nsanje

Lamulo linali lakuti wobweretsa malungo achilendo achoke m'mudzi kwa chaka chathunthu. Mwana atadwala, banja lonse linaloza bambo ake, Kambani, mkamwini woyendayenda. Apongozi ake, a Nasimango, analamula kuti katundu wake amangidwiretu.

Mlangizi wa zaumoyo anabwera ndi zotsatira za magazi a onse.

"Tizirombo ta malungo nato tili ndi mitundu yake, yotsata kuchikazi monga ife tomwe," anatero. "Mtundu uli mwa mwanayu kwawo ndi ku Nsanje. Mwa bambowa mulibe. Uli mwa inu, mayi Nasimango."

Kambani, amene chikwatirire sanawayang'anepo kumaso, anawayang'ana kukamwa kuli yasa. Ku Nsanje kunali mwana wawo wamkazi amene anamukana pamaso pa mpingo.

"Wabereka," anatero a Nasimango chapansipansi. "Ndinapita kukamuona. Ndikanatani ine?"