Zitosi za Nkhunda za a Alfonsi

Chibakera choyamba chinaswa magalasi a m'maso. Chachiwiri chinapeza a Howard Daka ali kale pansi pa khola la nkhunda, jasi lawo loyera la ku labu lili zitosi zokhazokha.

"Wakutuma ndani kudzatola zitosi pakhomo panga?" anafunsa a Alfonsi, eni kholalo, akutola mpini. "Ukufuna kundilodza?"

"Bambo, ndine wofufuza wa ku Chipata, madigiri awiri," anatero a Howard, akulavula dzino. "M'zitosimu mumamera kafangasi, kankhungu kotupitsa ubongo wa odwala. Kali mitundu iwiri, wofala ndi wosowa, ndipo majini ake, tizinthu ta chibadwa, amasakanikirana iwiriyo ikakwatirana. Mtundu wosowawo ndaufuna zaka zinayi. M'Chiparamba monse muno ndinaupeza m'khola lanu lokha."

"Unaupeza? Ndiye kuti unabwerapo kale?"

Mpini unayamba ndi nthiti, n'kumalizira timabotolo ta a Howard totoleramo zitosi. Madigiri aja sanatchinge kalikonse.

A Rozi, akazi awo a Alfonsi, anatulukira ndi lichero m'manja.

"Abambo ake Takondwa, mwaiwala kuti nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu? Zaka makumi awiri ine ndakhala ndikumeza mawu chifukwa cha mbalamezi."

Asanamalize, khola lonse linati phaa, nkhunda ulendo wa ku Kasenengwa, osacheuka. A Alfonsi anatsitsa mpini, kukamwa yasa.

A Howard anazitsatira ndi diso limene linali likutsegukabe.

"Pepani bambo," anatero mwaulemu, "zikathawa chonchi, zimakatera pakhomo pa yani?"