Tambala wa Lachinayi

"Ine wamisala? Ndinalondera njanji ya ku Nacala zaka zinayi ine!" anakalipa a Dyson.

"Inde, ndipo dzulo tayala la njinga litaphulika munalondera kunsi kwa nkhokwe mpaka madzulo," anayankha akazi awo, a Ennie. "Pitani kuchipatala. Lachinayi kumabwera adokotala a maganizo."

A Dyson anakana kwamtuwagalu. Anthu a kwa Chiwalo akamva, adzati msilikali uja mutu wazungulira. Koma Lachinayi litafika anagwira tambala, namukupatira m'khwapa.

"Wofunsa mumuuze kuti ndapita kukagulitsa nkhuku pa Boma."

Anadutsadi pamsika, kenaka anazembera kuseri kwa chipatala. Pa benchi anapeza a Namakhwa, sajeni wawo wakale, amene sankaphethira ngakhale zipolopolo zikulira. Anali atafungatira thadzi lonenepa.

A Dyson anaima njo ngati ali pa perete.

"Bwana, nanunso mukupita kumsika?"

A Namakhwa anayang'ana tambala uja, nasendera kuti mnzawo akhale.

"Chaka chachiwiri chino, Dyson. Nkhuku siziyenda malonda pa Boma pano. Khala pansi, nawenso sugulitsa lero."