Kachitsulo ka pa Paipi ya Utsi

A Ezron Zimba anafika pa galaja ya Kenan Mtonga, kuseri kwa msika wa pa boma la Lundazi, akuimba nyimbo ya Chipani cholamula mokweza. M'galimotomo anali okha. Anazimitsa injini, n'kutseka chitseko mofatsa, n'kukaima patali pansi pa mtengo wa mango.

Unali mwezi wa Okutobala, 1989. Galimotoyo inali ya ntchito ya ulimi imene a Zimba ankayang'anira, mphatso ya azungu akunja, ndipo m'boma lonselo munalibe inzake. Inkayenda bwinobwino mpaka Lachitatu lina, masabata atatu m'mbuyomo. Tsikulo a Zimba ankachokera ku Mwase Lundazi, kumene alimi anawazinga kufunsa za feteleza amene sanabwere. Panjira, ali okhaokha, analankhula zonse zakukhosi. Anatchula Chipani. Anatchula ndi mayina omwe.

Asanafike pa boma, kagetsi kachikasu kanayaka pa dashibodi.

Kuyambira pamenepo galimoto inasintha khalidwe. Ikaima, injini inkanjenjemera. Pachitunda inkakoka mwaulesi. Petulo amene kale ankawafikitsa ku Chipata n'kubwerera tsopano ankawathera panjira. Kumbuyo kunkatuluka utsi wakuda ndi fungo la mazira oola. Loweruka lina a Zimba anakwawira pansi pake, ndipo anakaona: kachitsulo konga chala, kolowetsedwa m'paipi ya utsi, kali ndi waya wopita m'kati mwa galimoto.

Pa galimoto zonse zimene anayendetsapo, chotere anali asanachionepo. Ndipo ndani sankadziwa kuti a shushushu, akazitape a boma, ali ndi makutu paliponse? Chakudya chinasiya kulowa. Akazi awo, a Dainess, anangouzidwa kuti china chikachitika atenge ana apite kwa makolo ku Mphamba, koma chifukwa chake sanauzidwe. M'galimoto a Zimba anayamba kuimba nyimbo za Chipani, ndipo akanyamula munthu ankayamikira boma kuchokera pokwerera mpaka potsikira.

Kenan, makaniko wofatsa amene anaphunzira ntchito yake ku Migodi ya mkuwa, anawatsatira pamthunzipo.

"Monire adada. Yavuta chiyani?"

"Muyang'ane pansi pake, a Mtonga," ananong'ona a Zimba. "Koma musalankhule muli pafupi nayo."

Kenan analowa pansi ndi sipanala, n'kutuluka kachitsuloko kali m'manja. Kunsonga kwake kunali bii ndi mwaye. Anakapukuta pa ovolosi, n'kuyamba kufunsa. Utsi ukutuluka wakuda? Petulo akutha msanga? Fungo la mazira oola lilipo? A Zimba ankangovomera chilichonse.

"Aka ndi kasensa," anatero Kenan. "Galimoto zatsopanozi zimabwera nako. Kamanunkhiza utsi, n'kuuza injini kuti petulo ndi mpweya zisakanizike bwanji. Kakafa, injini imangomwa petulo ngati chidakwa. Petulo wathu wakunoyu amakapha msanga. Kagetsi kaja kamakuuzani zimenezo basi."

"Ndiye kuti sikamva?"

"Kamve chiyani, abwana? Imeneyi ndi mphuno, si khutu."

A Zimba anakhala pa tayala lakutha. Anayamba kuseka pang'onopang'ono, kenako anaseka mpaka misozi. Kenan anawathirira thobwa m'kapu, n'kukhala nawo pansi.

"Nanga munaopa chiyani chonchi, adada?" anafunsa, nayenso akuseka.

A Zimba, amene kwa masabata atatu anali atamanga pakamwa ngakhale kwa akazi awo, anamasuka. Anabwereza zonse za Lachitatu lija: kumene feteleza wa alimi analowera, amene anamutenga, amene anatseka maso. Ananena za makuponi ogulira unga wa nsima, za mizere ya sopo ndi mafuta ophikira, za akuluakulu onenepa makosi amene amauza anthu kuti amange malamba. Anawonjezera ndi zina zimene anangozikumbukira pompo. Kenan ankangoti, "Inde, inde," mwina n'kufunsa dzina limene sanalimve bwino.

Anagwirizana kuti kasensa katsopano kaitanitsidwe ku Lusaka. A Zimba anamugwira Kenan chanza ndi manja awiri, n'kunena kuti wawachotsa minga yaikulu. Ananyamuka dzuwa litapendeka, galimoto ikutsokomola utsi, iwo mtima uli myaa, akuganiza zodzera kumsika kukagulira a Dainess nkhuku.

Kenan anasamba m'manja ndi palafini, n'kulowa m'kachipinda kosungira zitsulo, n'kukhoma chitseko. Kwa zaka zitatu akazitape amene anamutuma ku Lundazi ankamudzudzula kuti fayilo ya Zimba ilibe ngakhale mzere umodzi. Tsiku limenelo analemba masamba anayi.