Foda ya ba Kasonde

Ignatius wa makompyuta analemba mzere umodzi n'kudina batani.

"Yasila, bwana. Manje seva yathu ya pa intaneti izayamba kuonetsa na mapikicha ya mu foda ya ba Kasonde, osati ya mu ofesi chabe."

Chabota, woyendetsa boti, anaima pakhomo, malaya akadali onyowa ndi madzi a Zambezi. Ba Kasonde ndiwo ankajambula maboti a kampani iwo ataima pamwamba pa miyala, ndipo foda yawo palibe ankaikhudza. Nanga bwanji lero, sabata yomwe boti la Chabota linagubuduzika, mzungu n'kuthyoka mkono? Bwanjinso Ignatius, amene mlamu wake ankafunsira ntchito yoyendetsa boti?

"Ni ya makasitomala, mudala, bazione bali kwao," anatero Ignatius osacheuka. "Muyopa chani?"

"Nindani akuuza ati niyopa?"

Bwana anakoka mpando. Dzulo lake Chabota anali atawalumbirira kuti nkhafi sinachoke m'manja mwake, iwo n'kumuuza kuti likapezeka bodza, ntchito yatha.

"Tsegula ya Lachiwiri," anatero bwana. Ndilo tsiku limene botilo linagubuduzika.

Chithunzi chinayamba kutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Kunabwera thambo, kenako miyala yakuda ya m'chigwa, kenako chipewa chofiira cha Chabota, kumbuyo kwa boti, pamalo pake penipeni. Mtima wa Chabota unakhala pansi.

Mzere wina unatsika. Nkhafi inaoneka, ndi dzanja loigwira, loyera, la mzungu, lovala zibangili za ku msika wa alendo wa Mukuni Park.

Ignatius sankayang'ananso kompyuta. Anali atacheuka kale, maso ali pa Chabota.