Aphunzitsi ndi Kompyuta Yochonga

Mpando unaphwanya galasi la pakauntala, Aphunzitsi n'kumugwira pakhosi kalaliki wa pamalo olembera mayeso.

"Ndiitanire amene wandilepheretsa Chingerezi kachitatu! Zaka makumi awiri ndikuchiphunzitsa, ntchito yakunja indiphonye chifukwa cha iyeyo?"

"Bambo, sachonga munthu," anatero kalaliki akutsamwa. "Ndi kompyuta. Imamvetsera mukamalankhula. Mukamaimaima, imadula malikisi."

Kuima kokha Aphunzitsi ankaimadi. Akatulutsa liwu lalikulu ankalisiya kaye kuti likhazikike, ngati pa asembule.

Mlonda atathamangira, Aphunzitsi anam'landira ndi chigongono pakamwa, dzino n'kugwera pansi. Kenako analowa m'kachipinda ka makompyuta, n'kutsomphola maikolofoni m'manja mwa mayi wina amene anali mkati moyesedwa. Anaitukwana kompyutayo m'Chingerezi, iyo ndi oipanga ake omwe, mphindi ziwiri zathunthu osameza malovu. Atamaliza anaipondaponda mpaka nsapato inang'ambika.

Apolisi akuwatulutsa ali m'maunyolo, kalaliki anasuzumira pa kompyuta yake, uku akusisita khosi.

"Bambo, mwakhoza! Malikisi otere sitinawaonepo kuno."

Aphunzitsi anaima, n'kukonza tayi ndi manja omangidwawo.

"Kungoti awa anali mayeso oyeserera chabe," anawonjezera kalaliki.