Mbale ya NyaJere

"Yewo, amama," adatero Linily, mphunzitsi wochokera ku Dedza, polandira mbale ya mbatata kwa NyaJere, mayi woyandikana naye nyumba ku Champhira. Mayiyo atangotembenuka, Linily adakhuthulira galu mbatata zonse. Kwawo adamuchenjeza kuti mlendo amadyetsedwa mankhwala, ndiye chilichonse chochokera kwa eni mudzi chinkathera kwa galuyo.

Kenako malungo adamugwetsa. Moto udazima m'nyumbamo, njala n'kuyamba kumupotokola m'mimba. Atamva mapazi pabwalo, adakwawira pakhomo.

NyaJere adamuyang'ana nthawi yaitali osaphethira, mbale ya phala ili m'manja.

"Musavutike, aphunzitsi, mwadwala chomene," adatero mwaulemu. "Lero ndimupatsa ndekha."

Adawerama, n'kuika mbaleyo patsogolo pa galu uja.